Musanakhale Pansi Kusinkhasinkha: Kuyerekeza Njira Zisanu ndi Imodzi za Chibuda

Anthu ambiri ofuna kuyamba kusinkhasinkha m'njira ya Chibuda amafunsa kuti njira yabwino koposa ndi iti. Funsoli silithandiza kwenikweni, chifukwa njirazi sizigwira ntchito imodzi. Ina imakhazika maganizo pansi, ina imafewetsa mtima, ina imakuonetsani zomwe zili mkati mwanu ngakhale zija simufuna kuziona. Buku la Visuddhimagga, lomwe Buddhaghosa analemba ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 400, limatchula zinthu 40 zoti munthu asinkhesinkhe, ndipo limati mphunzitsi azimusankhira wophunzira malinga ndi mtima wake: waukali amupatse za kukoma mtima, wa maganizo othamangathamanga amupatse za mpweya.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Yambani ndi chimene chakubweretsani. Ena akufuna chifundo, chifukwa aona kuti mtima wawo wauma, kapena amadzida okha. Ena akufuna kudzidziwa, kuti aziuona mkwiyo ukamafuka usanafike pakamwa. Ena angotopa, akufuna tulo ndi mtendere wa mumtima. Zitatuzi n'zapachibale, koma njira yamphamvu pa china imatha kukhala yofooka pa chinzake.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka, kupitiriza ndi zoopsa. Mtengo sindikuuwerengera pa ndalama zokha, poti m'nkhaniyi chodula kwambiri ndi nthawi. Pa kupezeka ndikuyang'ana makamaka ngati pali munthu woti mumufunse zinthu zikavuta. Malangizo olembedwa ali mbwee pa intaneti, koma aphunzitsi odalirika ngochepa. Kupitiriza ndi zimene njirayo idzafuna kwa inu tsiku ndi tsiku chidwi cha poyamba chikazilala.

Chachinayi ndi zoopsa, zomwe otsatsa malonda sakonda kuzitchula. Abuda eni ake sanabise. M'malemba akale a chinenero cha Pali muli nkhani ya amonke a ku Vesali amene analimbikira kusinkhasinkha za kunyansa kwa thupi mpaka ena anadzipha, ndipo Buddha atamva anaphunzitsa otsalawo kuyang'anira mpweya. Mu 2017 Jared Lindahl, Willoughby Britton ndi anzawo a ku Brown University anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi anthu 60 osinkhasinkha m'nthambi zitatu za Chibuda: Theravada, Zen ndi ya ku Tibet. Anapeza mitundu 59 ya zochitika zovuta kapena zachilendo, monga mantha, kusowa tulo, kubwerera kwa zowawa zakale, ndi kumva ngati thupi si lako. Anthuwo anasankhidwa dala chifukwa anakumanapo ndi zotere, choncho chiwerengerochi sichikutiuza kuti zimachitika kwa angati. Pa funso limenelo, Miguel Farias ndi anzake ataunika kafukufuku wambiri mu 2020 anapeza kuti ndi anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse, makamaka nkhawa ndi kukhumudwa. Ambiri zimawayendera bwino, koma 8 pa 100 si ochepa.

1. Kuyang'anira mpweya panokha

Mumakhala pansi kapena pampando msana utawongoka, n'kumamvetsera mpweya ukamalowa ndi kutuluka, pamphuno kapena pamimba. Simuukakamiza. Maganizo akathawa, mukazindikira mumabwerera, basi. Ena amawerenga kuyambira 1 mpaka 10 n'kuyambiranso. Chiphunzitso cha Buddha cha za mpweya, chotchedwa Anapanasati, chili ndi magawo 16, koma woyamba kumene oyambirira okha am'kwanira: kudziwa kuti mpweya uwu ngwautali, uwu ngwaufupi.

Mtengo: palibe cholipira, kupatula mphindi 10 mpaka 20 patsiku. Mapulogalamu a pafoni monga Headspace ndi Calm amalipiritsa pamwezi kapena pachaka, pomwe Insight Timer ili ndi zambiri zaulere ndipo ya Plum Village njaulere. Mwezi woyamba musalipire kalikonse. Chomwe mukufunika ndi wotchi yoti ikuuzeni kuti nthawi yatha.

Kupezeka: paliponse, nthawi iliyonse. Chosowa ndi munthu wokuwongolerani.

Kupitiriza: apa ndi pomwe njirayi imagonja. Palibe amene akukudikirirani, ndiye mukadumpha tsiku palibe adziwe. Malemba amatchula zotchinga zisanu: chilakolako, chidani, ulesi ndi kuwodzera, kusakhazikika ndi kudandaula, komanso kukayika. Woyamba kumene amakumana nazo zonse sabata yoyamba n'kuganiza kuti iye yekha ndiye wolephera, pomwe kuziona kumeneko ndiye ntchito yake. Malemba omwewo amasimba za mmonke Sona, yemwe anadzipanikiza mpaka mapazi kutuluka magazi. Buddha anamukumbutsa za choimbira cha zingwe chomwe ankaimba asanakhale mmonke: zingwe zikakungika kwambiri sizimveka bwino, zikalendewera sizimvekanso. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pasabata.

Zoopsa: n'zochepa. Koma amene amagwidwa ndi mantha a mwadzidzidzi, kapena amabanika, nthawi zina kuyang'ana mpweya kumawonjezera befu. Otere atsegule maso, amvetsere phokoso la panja, kapena ayende pang'onopang'ono akumva mapazi akuponda pansi. Vuto lina ndi kudzinamiza: munthu amatha miyezi akuwodzera, iye akuyesa wapeza mtendere.

2. Metta, kufunira zabwino inu ndi ena

Apa mumanena chamumtima mawu ofunira zabwino, monga "ndikhale pamtendere, ndikhale wathanzi, ndisavutike", kenako mumafunira ena zomwezo. Dongosolo la m'Visuddhimagga limayamba ndi inu mwini, kenako munthu amene mumamulemekeza kapena anakuchitirani zabwino, kenako bwenzi, kenako munthu amene mulibe naye kanthu, pomaliza mdani. Bukuli limachenjeza kuti musayambe ndi mdani chifukwa mungotopa, komanso musasankhe munthu wakufa kapena woti angakudzutsireni chilakolako. Metta ndi woyamba mwa makhalidwe anayi oyendera limodzi; enawo ndi chifundo, kukondwera ndi mwayi wa ena, ndi mtima wosagwedezeka.

Pali chinthu chimodzi chomwe akale anachiona bwino. Anati chifundo chili ndi mdani wofanana nacho nkhope, yemwe ndi chisoni. Kumva ululu wa mnzako mpaka kumira nawo si chimodzimodzi ndi kumufunira kuti ululuwo umuchoke. Olga Klimecki, Tania Singer ndi anzawo anaziyesa zimenezi ku Ulaya: anthu ophunzitsidwa kumva ululu wa ena ankavutika mtima kwambiri akaonera mavidiyo a anthu ozunzika, koma ataphunzitsidwa chifundo kuvutikako kunachepa ndipo mtima wofunira ena zabwino unakula. Kwa namwino, kapena aliyense wodwazika matenda kwa nthawi yaitali, kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri.

Mtengo: palibe. Mphindi 15 n'zokwanira.

Kupezeka: malangizo ake ndi osavuta kuwapeza, ndipo pafupifupi gulu lililonse la Theravada limaphunzitsa. Siifuna kakhalidwe kapadera. Mukhoza kuichita muli pamzere kapena mutagona.

Kupitiriza: mawu aja amafika pouma, n'kumangotuluka ngati nyimbo yoloweza. Anthu ambiri amasiya pamenepo poganiza kuti akuchita chinyengo. Aphunzitsi amati musadikire kumva kutentha mumtima, cholinga chokha n'chokwanira, ndipo ine ndikugwirizana nawo, bola muzimuona munthuyo m'maganizo osati kungolakatula. Kodi zimafika mpaka pa zochita? Mu 2013 ofufuza a ku Northeastern University ku Boston anaika anthu m'chipinda chodikirira momwe mipando inali itadzaza, kenako munalowa munthu wa ndodo zoyendera akuoneka kuti akumva ululu. Mwa amene anasinkhasinkha masabata 8, pafupifupi theka anamupatsa mpando, pomwe mwa amene sanasinkhesinkhe anali pafupifupi 15 pa 100. Anthu ake anali 39 okha, ndiye tisakokomeze. Chodabwitsa n'chakuti ophunzira za chifundo ndi ophunzira kungokhala tcheru anachita mofanana.

Zoopsa: munthu wodzida akayamba kudzifunira zabwino nthawi zina amangogwetsa misozi, kapena amapsa mtima. Zikatero yambani ndi mwana, kapena chiweto, inu mudzabwere pambuyo. Amene anazunzidwapo asathamangire kufika pa womuzunza, ngakhale patapita zaka. Ndipo kufunira munthu zabwino sikutanthauza kubwerera kwa iye kapena kusiya kumuimba mlandu. Mphunzitsi wosakaniza ziwirizi muchoke naye.

3. M'bindikiro wa Vipassana wa masiku 10

Vipassana ndi kusinkhasinkha kofuna kuona zinthu mmene zilili. M'bindikiro wodziwika kwambiri ndi wa S. N. Goenka, yemwe anabadwira ku Burma mu 1924, anaphunzira kwa Sayagyi U Ba Khin, n'kuyamba kuphunzitsa ku India mu 1969. Anamwalira mu 2013, koma maphunziro akupitirira pogwiritsa ntchito mawu ndi mavidiyo ake, aphunzitsi othandizira ali pomwepo. Belu limalira 4 koloko m'mawa, ndipo patsiku mumasinkhasinkha maola pafupifupi 10. Simulankhula ndi anzanu, ngakhale kuyang'anizana, mpaka tsiku la 10. Foni, mabuku ndi zolembera mumapereka pofika. Masiku atatu oyamba ndi a mpweya, tsiku lachinayi mumayamba kuyendetsa maganizo kuchokera kumutu mpaka kumapazi mukuona chilichonse chomveka m'thupi popanda kuchikakamira kapena kuchithawa, ndipo metta imabwera kumapeto. Mumalonjeza kusunga malamulo asanu: osapha, osaba, osagonana, osanama, osamwa zoledzeretsa.

Mtengo: maphunziro, chakudya ndi pogona, zonse n'zaulere. Chopereka amalandira kwa okhawo amene anamalizapo m'bindikiro. Koma walira mvula walira matope. Pamodzi ndi tsiku lofika ndi lochoka mumasowa pakhomo masiku 12, ulendo ndi wanu, ndipo ngati mumadya za tsiku lomwelo kapena muli ndi ana aang'ono, "ulere" umenewu ndi wodula kuposa njira zina zonse pano.

Kupezeka: malo ake ali m'mayiko ambiri, ochuluka ali ku India, komwe kuli likulu la Dhamma Giri ku Igatpuri. Mayiko ena alibe malo okhazikika. Mumalembetsa pa intaneti, ndipo malo amadzaza msanga. Palinso Vipassana ya Mahasi Sayadaw wa ku Burma, momwe mumatchula chamumtima chilichonse chochitika, "kukwera, kutsika" kwa mimba, n'kumasinthanitsa kukhala ndi kuyenda. Malo ngati Insight Meditation Society ku Barre, Massachusetts, anatengako zambiri kumeneko, koma amalipiritsa pogona ndi chakudya.

Kupitiriza: amalangiza ola limodzi m'mawa, ola lina madzulo, ndi m'bindikiro wina chaka chilichonse. Ambiri sakwanitsa, ndipo pakatha miyezi amatsala ndi chikumbutso chabe. Amafunanso kuti musasakanize ndi njira zina, ndipo pa masiku 10 aja mumasiya mapemphero ndi miyambo ina ya chipembedzo chanu. Kwa ena limeneli ndi funso lalikulu, ndipo ndi bwino kuliyankha musananyamuke.

Zoopsa: pa njira zonse zili pano, iyi ndiyo ingakuonetseni zambiri za inu mwini m'nthawi yochepa, ndipo pa chifukwa chomwecho ndiyo ingakuvulazeni kwambiri. Tulo tochepa, chete, ndi maola ambiri mukuyang'ana m'thupi zimafukula zomwe zinakwiririka. Fomu yolembetsera imafunsa za matenda a maganizo. Musabise kuti akulandireni, ndipo musasiye mankhwala a dokotala chifukwa cha m'bindikiro. Amene anasokonezekapo mutu, amene ali m'kati mwa kukhumudwa kwakukulu, kapena amene zoopsa zomwe zinawachitikira zikadawabwerera m'maloto, asapite. Aphunzitsi othandizira si madokotala, ndipo yankho lawo kawirikawiri ndi lakuti pitirizani kuyang'ana. Maondo ndi msana nazonso zimalira. Pemphani mpando, si manyazi.

4. Kukhala ndi gulu la Zen

Mmonke wa ku Japan, Dogen, anapita ku China mu 1223, ndipo atabwerera ku Japan anakhazikitsa Zen ya Soto; nyumba ya amonke ya Eiheiji anaiyambitsa mu 1244. A Soto amakhala moyang'ana khoma, maso otsegula pang'ono, osatsata chinthu chilichonse, kungokhala. A Rinzai, nthambi ina ya Zen, amawonjezera mafunso ozunguza otchedwa koan, omwe umakayankha kwa mphunzitsi pawekha. Mumakhala mphindi 30 kapena 40, kenako kuyenda pang'onopang'ono, kenako kukhalanso.

Mtengo: magulu ambiri amalandira chopereka kapena kandalama ka umembala. M'bindikiro wawo wa masiku angapo, sesshin, umalipiridwa. Khushoni lozungulira lomwe amakhalira si lokakamiza, bulangete lopinda limagwira ntchito.

Kupezeka: makamaka m'mizinda ikuluikulu ya ku Japan, Ulaya ndi America. Kuyambira 2020 magulu ambiri amakhalanso limodzi pa Zoom, zomwe zinatsegulira khomo anthu akutali. Gulu la Plum Village, lomwe Thich Nhat Hanh wa ku Vietnam analiyambitsa ku France mu 1982, ndi lofewerapo, ndipo limatsindika kuyenda, kudya ndi kumvetserana mwatcheru.

Kupitiriza: mphamvu ya njirayi ili apa. Pali tsiku, pali ola, pali anthu amene aone kuti simunabwere. Ananda, mtumiki wa Buddha, atanena kuti kukhala ndi abwenzi abwino ndi theka la moyo wauzimu, Buddha anamuwongolera kuti si theka, ndi moyo wonsewo. Zomwe pulogalamu ya pafoni singakupatseni ndi zimenezi.

Zoopsa: malangizo ndi ochepa kwambiri, moti munthu akhoza kukhala zaka akungolota masana. Kukakamiza miyendo kupingasa kumavulaza maondo. Pali kugwada, kufukiza ndi kuimba malemba, zomwe kwa wa chipembedzo china zingakhale zopunthwitsa. Za chifundo amazinena m'malumbiro, koma saziphunzitsa mwatsatanetsatane ngati metta.

5. Tonglen ya ku Tibet

Popumira mkati mumaganiza kuti mukulandira mavuto a wina, ena amawaona ngati utsi wakuda. Popumira kunja mumamupatsa mpumulo ndi zabwino zanu. Ndi gawo la maphunziro ozoloweretsa maganizo otchedwa lojong, omwe amawalumikiza kwa Atisha, mphunzitsi wa ku India amene anafika ku Tibet mu 1042, ndipo mphunzitsi wina, Chekawa, anawaika m'mfundo 7 m'zaka za m'ma 1100. Mfundozo zimanena kuti uyambe ndi iwe mwini.

Mtengo: njirayo payokha njaulere, koma maphunziro a m'magulu a Chitibeti, maulendo ndi zopereka kwa aphunzitsi zimakwera mukalowa mozama.

Kupezeka: mabuku ndi mavidiyo alipo ambiri, mphunzitsi wapafupi ndiye wosowa.

Kupitiriza: ndi yaifupi, mphindi zochepa, ndipo imagwira ntchito pomwepo, pambali pa bedi la wodwala kapena pakati pa mkangano. Imafuna kuti mukhale mutazolowera kale kukhazika maganizo.

Zoopsa: wotopa kale ndi mavuto a ena ikhoza kumumiza. Choopsa china ndi cha mphunzitsi. M'Chibuda cha ku Tibet kudzipereka kwa mphunzitsi n'kwakukulu, ndipo ena anapezerapo mwayi. Mu 2017 ophunzira 8 a mphunzitsi wotchuka wa Chitibeti, Sogyal Rinpoche, analemba kalata yomuneneza za nkhanza. Iye anatula pansi udindo m'bungwe lake la Rigpa, ndipo kafukufuku wa maloya mu 2018 anapeza kuti ophunzira ena anachitiridwadi nkhanza. Zoterezi zachitikanso m'magulu ena a Zen. Musanalowe gulu lililonse funsani kuti madandaulo amapita kwa yani, ndipo ngati yankho ndi lakuti kwa mphunzitsi yemweyo, bwererani.

6. Maphunziro a masabata 8 a MBSR

MBSR ndi maphunziro ochepetsa kupanikizika kwa maganizo pokhala tcheru. Jon Kabat-Zinn anawayambitsa mu 1979 pachipatala cha University of Massachusetts, atatenga njira za Chibuda n'kuchotsamo za chipembedzo. Mumakumana kamodzi pasabata kwa maola awiri ndi theka, kuphatikizapo tsiku limodzi lathunthu.

Mtengo: pa ndalama iyi ndiyo yodula, ku America ndi madola mazana angapo.

Kupezeka: m'zipatala ndi m'mayunivesite a mayiko olemera, komanso pa intaneti. Funsani komwe mphunzitsi anaphunzira, chifukwa dzinali aliyense akhoza kulilemba pachikwangwani.

Kupitiriza: mphindi 45 tsiku lililonse kunyumba. Masabata 8 akatha gulu limabalalika, ndipo mumatsala nokha ngati wa njira yoyamba ija.

Zoopsa: n'zocheperapo, poti mumayenda pang'onopang'ono ndipo aphunzitsi abwino amayamba akufunsani za umoyo wanu. Umboni wake ndi wochuluka kuposa wa njira zinazi, koma si wozizwitsa. Madhav Goyal ndi anzake ataunika kafukufuku 47 mu 2014 anapeza kuti kusinkhasinkha kotere kumachepetsako nkhawa, kukhumudwa ndi ululu, koma sanapeze umboni woti kumaposa mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Mphukira yake, MBCT, yomwe imawonjezamo njira zothandizira maganizo, ku Britain bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE limaivomereza kwa anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwererabwerera. Chomwe Abuda ena amadandaula n'chakuti khalidwe labwino, lomwe kwa iwo ndi maziko a kusinkhasinkha konse, muno silitchulidwa kwenikweni, moti munthu akhoza kudekha bwino n'kupitiriza kupondereza antchito ake.

Iti ya yani

Ngati simunayesepo chilichonse, yambani ndi mpweya, mphindi 10 patsiku kwa mwezi, n'kumatsiriza ndi mphindi ziwiri za metta. Mukatero mudzadziwa funso lenileni lomwe muli nalo, ndipo simunawononge ndalama.

Ngati vuto ndi mkwiyo, kaduka, kapena kudziweruza kosalekeza, metta ikhale chachikulu, mpweya ukhale wotsegulira chabe. Odwazika matenda ndi anamwino nawonso ayambe ndi metta. Tonglen idze pambuyo, ndipo pakhale wowatsogolera.

Amene mwayamba n'kusiya kangapo, kusintha njira sikukuthandizani. Mukusowa anthu. Pezani gulu, la Zen, la Plum Village kapena la Theravada, ngakhale la pa Zoom, ndipo muliweruze poona mmene akuluakulu ake amachitira ndi ndalama, ndi akazi, ndi munthu wowatsutsa.

Amene dokotala anakupezani ndi nkhawa, kukhumudwa kapena ululu wosatha, MBSR kapena MBCT ndi yoyenera, dokotalayo akudziwa, mankhwala osasiya. Ndi yoyeneranso kwa amene simufuna kugwadira fano kapena kuimba malemba a chipembedzo china.

M'bindikiro wa masiku 10 usungireni nthawi imene mwakhala mukusinkhasinkha miyezi ingapo, mukugona bwino, m'mutu muli bata, ndipo pakhomo pali wotsala ndi udindo wanu. Ngati mwangoferedwa kumene kapena banja langotha, dikirani kaye. Maphunzirowa amachitika chaka chonse, mudzalembetsa mtima ukakhala pansi.